Kaliwo ndi ufulu wodzigulira goli

Pali mafashoni ena amene amafa, anthu n'kuwaika m'manda, kumeta n'kumeta, koma patapita zaka mumangoona atulukira kuseri kwa nkhokwe ngati mphaka wotayidwa kutchire. Kaliwo ali m'gulu limeneli. Ambiri tinkayesa kuti adapita kalekale pamodzi ndi wayilesi ya Nzeru ndi ndalama yobooka pakati ija. Koma ayi ndithu. Kumaiko a Azungu kaliwo ali ndi makalabu ake, masitolo ake, ngakhale mipikisano yoona amene angasunge moto nthawi yaitali osauzimitsa. Kumeneko amati kusuta kaliwo ndi chosangulutsa chotayira nthawi, chimene iwo amachitcha hobby, monga mmene ife timachitira ndi bawo kapena kuweta nkhunda. Ndipo poti masiku ano chimene chaphikidwa ku London kapena ku Joni fungo lake limafika pa Liwonde tsiku lomwelo kudzera pa foni, musadzadabwe kumva mphwanu amene wangoyamba kumene ntchito akufunsa kuti kaliwo wabwino amagula kuti.

Sindikunena kuti Machinga ndi Balaka kwadzaza utsi wa kaliwo. Ofuna kuyamba ndi mmodzimmodzi chabe. Koma funso limene mnyamata wotereyu amabweretsa ndi lalikulu kuposa kamtengo kobooka kamene akufuna kugulako. Kodi munthu wamkulu, wanzeru zake, wodya thukuta lake, ali ndi ufulu woyamba dala chizolowezi chimene akudziwa kuti chimapha? Nanga ife, ana a dziko limene mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'chipatala timagulira ndalama za fodya, tili ndi pakamwa pomuletsera?

Tiyambe tamumvera mnyamatayo, pakuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi.

Iye adzakuuzani kuti kaliwo si ndudu, ndipo pamenepo sakunama. Ndudu ndi fodya wa munthu wothamanga. Kondakitala wa pa depoti ya Balaka amaiyatsa minibasi ikudzaza, ikamanyamuka iye wapondereza kale kachidutswa kotsala. Kaliwo safuna phuma. Woyamba kumene amalangizidwa mwambo wonse ngati mnyamata kundagala. Amamuuza kuti fodya amathira patatu: woyamba mongowaza, wachiwiri motsendera pang'ono, wachitatu motsendera ndithu koma osafika potseka mpweya. Amamuuza kuti moto woyamba ngwongowaula pamwamba. Ukazima atsendere phulusa ndi kachitsulo, ayatsenso, ndiye kuti kusuta kwayamba. Akakoka mwaphuma kaliwo amatentha ndipo lilime limapsa ngati wamwa phala lamoto. Utsi saumeza, amangouzunguza m'kamwa n'kuutulutsa. Akatha amapukuta m'kati mwa kampopi ndi kawaya kaubweya, kenaka n'kumusiya kaliwoyo tsiku lathunthu kuti aume. Kudzaza kamodzi kokha kumatha theka la ola, mwina ola lamphumphu.

Ndiye pali nkhani ya kasemedwe. Kaliwo wotchuka amamusema kuchokera ku chitsa cha kamtengo kotchedwa briar, kamene kamamera m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo tauni ya Saint-Claude ku France idatchuka ndi luso limeneli kuyambira zaka za m'ma 1850. Wina amamusema kuchokera ku mwala woyera wopepuka wotchedwa meerschaum, umene amakumba ku Eskişehir m'dziko la Turkey. Anzathu a ku Tanzania adaupezanso mwala wamtunduwu, mpaka ku Arusha kudali fakitale yake. Wotchipa, amene oyamba kumene amalangizidwa kugula, ndi wa chitsononkho cha chimanga, ndipo ku Missouri m'dziko la America akhala akumupanga kuyambira 1869. Tangoganizani, chitsononkho chomwechi chimene ife timasonkhezera moto!

Ndani angakane kuti zimenezi n'zokopa? Masiku ano aliyense ali paliwiro, foni ikulira, ngongole ikuitana. Kanthu kokukakamiza kukhala pansi theka la ola, manja ali ndi chochita, pakamwa pali chotseka, kamaoneka ngati mankhwala. Zithunzi za anthu otchuka nazo zimathandizira. Albert Einstein ali ndi kaliwo, Bertrand Russell ali ndi kaliwo, Harold Wilson wa ku Britain chimodzimodzi, Thabo Mbeki wa ku South Africa nayenso. Munthu wa kaliwo ukamufunsa funso sayankha msanga. Amayamba wakoka, n'kuyang'ana kudenga, n'kutulutsa utsi pang'onopang'ono, ndipo ngakhale atayankha zopepera zimamveka ngati zakuya. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kaliwo amagulitsa maonekedwe a kudekhako.

Mnyamatayo akhozanso kunena kuti fodya si mlendo kuno, ndipo apanso sakunama. Akatswiri a zinenero amati dzina lakuti fodya lidachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti folha, kutanthauza tsamba, pakuti mbewuyi kwawo ndi ku America ndipo idalowa kuno kudzera kugombe la nyanja ya mchere zaka mazana angapo zapitazo. Ayao amati sona. Mbiri yawo imati malonda a maulendo ataliatali opita ku Kilwa adayamba ndi makasu, zikopa ndi fodya. David Livingstone pokwera mtsinje wa Shire mu 1859, chaka chimene adaona nyanja ya Chilwa, adapeza anthu akulima kale fodya wawo ndi kusuta. Agogo athu ankaumba kaliwo wadothi n'kulowetsako bango. Agogo aakazi ankasunga wamphuno m'kansupa komangirira kunsonga ya nsalu. Mlendo wapaulendo akapempha fodya sankamumana. Fodya adalowa mpaka m'miyambi yathu: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Zonsezi tavomereza. Koma pakati pa agogo aja ndi mphwathu wa leroyu pali kusiyana kumodzi kumene sikungabisike. Agogo adayamba asakudziwa. Mphwathu akufuna kuyamba akudziwa.

Kudziwako sikudabwere dzulo. Mu 1795 dokotala wa ku Germany, Samuel von Sömmerring, adaona kale kuti khansa ya pamlomo imakonda anthu osuta kaliwo. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill a ku Britain adaonetsa ndi ziwerengero kuti kusuta kumayenda limodzi ndi khansa ya m'mapapo. Mu 1964 mkulu wa zaumoyo m'boma la America adatulutsa lipoti lotsimikiza zomwezo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ena mwa iwo sadagwirepo ndudu chibadwire, adangopuma utsi wa anzawo. Nkhani zimenezi sizidawapeze agogo a ku Chikweo ali anyamata. Mphwathu adazimva ali ku pulayimale.

Wokonda kaliwo amathawira pa mfundo yakuti iye utsi saumeza. N'zoona kuti ofufuza adapeza kuti wosuta kaliwo yekha sagwidwa khansa ya m'mapapo kawirikawiri ngati wosuta ndudu. Koma adapezanso kuti amagwidwa kawirikawiri kuposa wosasuta. Chikonga cha mu utsi wa kaliwo sichifuna mapapo kuti chilowe m'magazi, chimadzera pakhungu lofewa la m'kamwa momwemo. Ndipo utsi umene wazungulira m'kamwa ola lathunthu umasiya phula lake pamlomo, palilime, m'nkhama, pakhosi ndi kummero. Dziko lathu lino lili kale m'gulu la maiko amene khansa ya kummero yafala kwambiri padziko lonse. Zifukwa zake n'zingapo, koma fodya ndi chimodzi mwa izo. Wodwala wotere akachoka pa chipatala cha boma pa Liwonde ulendo wake ndi wa ku Zomba kapena ku Blantyre, ndipo kwa zaka zambiri ofuna chithandizo chowotcha khansa ankachita kutumizidwa kunja kwa dziko, amene adali ndi mwayi. Mzungu wa ku kalabu ya kaliwo akadwala amadwalira m'dziko lake. Mphwathu adzadwalira m'dziko lathu.

Wina adzati, nanga Bertrand Russell uja si adakhala zaka 97 kaliwo ali pakamwa? Eya, adakhaladi. Aliponso anthu amene adawoloka Shire mosambira pa Liwonde ng'ona osawagwira. Koma sindidamvepo kuti wina watsegula kalabu yophunzitsa oyamba kumene kusambira pamenepo.

Tsono tifike pa nkhani ya ufulu, pakuti ndi pamene pagona mutu wa mlandu. M'chaka chomwe chija cha 1859, Livingstone ali pa Shire, katswiri wa maganizo wa ku England, John Stuart Mill, adatulutsa buku lotchedwa On Liberty. Mfundo yake yaikulu idali yakuti boma kapena gulu lisalowerere pa zochita za munthu wamkulu pokhapokha ngati zochitazo zikupweteka ena. Munthu akafuna kudzipweteka yekha mungamulangize, mungamunyengerere, koma musamumange. Mfundo imeneyi ndimaigwirira ndi manja awiri. Dziko lino lidatopa n'kuyezedwa utali wa tsitsi ndi wa siketi, mpaka makolo athu adafola mizere pa 14 June 1993 kuvota kuti zoterozo zithe. Sindikufuna kudzaona wapolisi akuthyola kaliwo wa nkhalamba pa msika wa Ntaja, kapena gulu la opemphera likuzinga nyumba ya munthu chifukwa cha utsi. Lamulo limusiye munthuyo.

Koma si zonse zimene lamulo lalola zimene nzeru imavomereza. Mill yemweyo adaika malire pa mfundo yake. Adati munthu sangagwiritse ntchito ufulu wake podzigulitsa ukapolo, chifukwa ufulu umene ntchito yake n'kuthetsa ufulu wadzitsutsa wokha. Sindikunena kuti wosuta ndi kapolo weniweni. Kutero kungakhale kunyoza iwo amene adasenzadi goli m'njira zopita kunyanja. Goli la chikonga ndi laling'ono. Komabe ndi goli, ndipo pali njira yapafupi yoliyezera.

Munthu wokonda bawo mukhoza kumuchotsa pabawo mwezi wathunthu. Adzadandaula, adzasowa anzake, koma manja sadzanjenjemera ndipo sadzakalipira mkazi wake popanda chifukwa. Woweta nkhunda akapita kumaliro kwa sabata amangouza mwana kuti aziwaza gaga, basi. Chosangulutsa chenicheni chimadikira mwini wake. Nanga fodya? Aliyense amene adakhalapo ku Ulongwe kapena ku Nsanama m'mwezi wa Ramadhani amadziwa kuti kwa wosuta, njala ndi ludzu nthawi zina zimapepuka poyerekeza ndi chibaba cha fodya. Amapirira kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo kupirira kumeneko n'koyenera ulemu. Koma mufunseni mwakachetechete chimene mtima wake umathamangira nthawi ya futari akangomwa madzi. Yankho lake lidzakuuzani amene ali bwana pakati pa munthuyo ndi tsambalo. Chinthu chimene chimakulamula nthawi yodzuka, nthawi yotuluka panja ndi ndalama yoyamba kuchotsa pa malipiro, chasiya kukhala chotayira nthawi.

Ndiponso mawu aja akuti "ndikudzipweteka ndekha" kuno kwathu sayenda mtunda wautali. Mwina ku London munthu amadwala yekha, boma n'kumulipirira bedi. Kuno munthu akagonekedwa m'chipatala mlongo wake amasiya munda n'kukagona pansi pa simenti ngati gadiyani. Mbuzi ya amayi imagulitsidwa. Mwana wa achimwene amabwezedwa kusukulu chifukwa fizi yapita ku thiransipoti ya ku Blantyre. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Tisanafike n'kuchipatala komwe, m'nyumba ya zipinda ziwiri utsi sudziwa kuti ufulu wa bambo wathera pati ndipo mapapo a khanda ayambira pati. Makolo adati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tiwanthu. Ngati ndife anthu chifukwa cha anzathu, ndiye kuti thupi limene tikuyenda naloli anzathuwo ali nalo gawo.

Apa mnyamata wochenjera adzaseka, ndipo kuseka kwake n'kumene kumandisowetsa tulo. Adzati, "Malume, inu mukuti fodya ngwoipa? Nanga fizi yanga idachokera kuti? Si m'chigafa? Malata ali padenga lathuwa si a mabelo? Ndiye mukufuna Mzungu azisuta kuti ife tidye, koma ine ndikayatsa mukuti ndachimwa. Pakamwa pa Mzunguyo ndi pachitsulo eti?"

Musamuyankhe mwamsanga mwana ameneyu, chifukwa wagunda pachilonda. Abale a banja la Buchanan atayamba kulima fodya wamalonda kuno, katundu woyamba adatumizidwa kunja mu 1893. Kampani ya Imperial Tobacco idatsegula fakitale ku Limbe mu 1908. Mu 1926 atsamunda adakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira fodya wa alimi akuda, ndipo mu 1938 okushoni idayamba ku Limbe, kumene mabelo a ku Machinga amapita mpaka lero. Fodya wa chikopa, uja amaumitsa ndi utsi wa nkhuni, wambiri ankathera mu kaliwo wa anthu a ku Britain, ndipo opanga fodya wa kaliwo m'tauni ya Kendal kumeneko amatchulabe tsamba la ku Malawi ngati chonyadira. M'nthawi ya Kamuzu, amene adali dokotala, fodya wa bale adali wa eni maesiteti okha, mpaka mu 1990 pamene alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima. Kuyambira pamenepo zigafa zidamera m'midzi ya kwa Nyambi ndi madera ena ngati bowa. Mpaka pano palibe mbewu ina imene imabweretsa ndalama zakunja kuposa fodya.

Mtima wapawiri umenewu sitidauyambe ndife. Mu 1604 mfumu James ya ku England idalemba kabuku konyoza fodya kuti ngwonunkha ndi woononga thupi, ndipo chaka chomwecho idakweza msonkho wake kuwirikiza pafupifupi ka 40. Fodya sadathe, koma thumba la mfumu lidafufuma. Ifenso mu 2023 tidalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta, pamene chaka ndi chaka msika wa fodya timautsegula ndi mwambo waukulu, kupempherera mitengo yabwino. Kupempherera mtengo wabwino wa fodya n'kupempherera kuti kwinakwake mwana wa munthu wina ayambe kusuta. Tisadzinamize.

Ndiye kodi tikhale chete? Ine ndikuti ayi, ndipo chifukwa chake chimaoneka tikalondola tsambalo kuchokera kunazale mpaka ku utsi, n'kumafunsa munthu aliyense amene waligwira kuti, kodi iwe udasankha?

Mlimi wa kwa Nyambi amafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, n'kumatunga madzi ndi makheni m'mawa ndi madzulo. Amawokera ndi mvula yoyamba, amathyola ndi kusoka m'miyezi ya njala, nkhokwe ili mbee. Akafika ku Limbe mtengo amatchula ndi wogula, ndipo ngongole ya feteleza imadulidwa ndalama isanafike m'manja. Mukamufunsa chifukwa chake sasiya, adzakukumbutsani za 2017, pamene dziko la India lidachepetsa nandolo wogula kunja ndipo alimi a ku Machinga ndi Balaka adatsala ndi matumba opanda wowafunsa mtengo. Adzakuuzaninso za thonje la ku Balaka ndi mitengo yake yosadziwika mawa. Ameneyu sadasankhe fodya pakati pa zabwino zambiri. Adagwira nthambi imene idali pafupi.

Tenanti wa pa esiteti, amene ankalandira chimanga pangongole n'kudzawerengera pakutha pa chaka, adasankha zochepa kuposa pamenepo, ndipo mchitidwe wa utenanti udachita kuthetsedwa ndi lamulo mu 2021. Mwana wothyola fodya wonyowa ndi mame ndiye sadasankhe chilichonse. Mu 2009 bungwe la Plan International lidatulutsa lipoti lakuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno amatha kulowedwa chikonga kudzera pakhungu chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku. Mutu kupweteka, nseru, chizungulire, mwana amene sadayatsepo machesi. Mu November 2019 dziko la America lidayamba kugwira fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani zomwezi, ndipo makampani adachita kudziyeretsa mmodzimmodzi kuti aloledwenso.

Boma nalo lili pa chingwe, chifukwa likufuna madola ogulira mafuta mwezi uno, osati zaka khumi zikubwerazo. Nkhalamba imene yasuta zaka makumi anayi ili pa chingwe cha chikonga, ndipo ambiri otere adayesapo kusiya kangapo n'kulephera.

Pa mzere wonsewu pali munthu mmodzi yekha amene manja ake ali omasuka. Alibe ngongole ya feteleza, alibe chibaba m'magazi, palibe bwana womukakamiza, ndipo zoopsa zonse akuzidziwa. Munthuyo ndi woyamba kumene uja, amene waima ndi kaliwo watsopano m'dzanja lina, machesi m'dzanja lina. Iye yekha ndiye ali ndi chinthu chimene mlimi, tenanti, mwana, nduna ndi nkhalamba akuchisowa. Ndipo akufuna kuchipereka, n'kuwonjezerapo ndalama zake, kuti alandire goli limene enawo akulira nalo. Kusuta kwake sikudzakweza mtengo wa belo ngakhale ndi tambala imodzi, pakuti pafupifupi fodya wathu yense amapita kunja. Mlimi sadzapindula kanthu. Chimene chidzachitike n'chakuti omangidwa adzawonjezekera ndi mmodzi.

Pa funso lake lija lakuti pakamwa pa Mzungu ndi pachitsulo, yankho loona ndi lakuti ayi, ndi pamnofu ngati pathu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Zimene ndinganene kwa mnyamata wa pa Liwonde ndiyenera kulimba mtima kuzinenanso kwa mnyamata wa ku Kendal, ngakhale ndikudziwa kuti onse otere atamvera, ku Limbe mabelo adzasowa wogula. Mawu amenewa ngowawa kwa ife, koma tsikulo likubwera kaya tifune kaya tisafune, chifukwa m'maiko ambiri olemera osuta akucheperachepera. Choyenera n'chakuti tsikulo lidzatipeze tili ndi msika wodalirika wa nandolo, soya, mtedza ndi mpunga wa m'madambo a Chilwa. Kunyoza mlimi wa fodya uku tikudya za msonkho wake ndi chinyengo. Kunena kuti poti timalima ndiye tizisutanso, n'chimodzimodzi kunena kuti wosula mipeni azidzicheka kuti aonetse kukhulupirika pa ntchito yake.

Pali munthu winanso amene sitidamutchule, ndipo mlandu wake ngwaukulu kuposa wa mnyamatayo. Ameneyu ndi mphunzitsi. Palibe amene amayamba fodya yekha. Tsiku loyamba thupi limakana poyera: chifuwa, misozi, chizungulire, malovu owawa, lilime lopsa. Thupi limanena zoona zake zonse tsiku limenelo. Kuti munthu abwerezenso kachiwiri pamafunika wina pambali womuuza kuti, "Limbikira aise, aliyense amayamba choncho, uzolowera." Malangizo onse aja a kathiridwe, kayatsidwe ndi kakokedwe, ntchito yake yeniyeni n'kuthandiza munthu kuwoloka masabata amene thupi likukana, mpaka litasiya kukana. Wosuta wakale amene amasuta fodya wake mwakachetechete ndilibe naye mawu. Koma amene amatenga mwana wa mnzake n'kumuwolotsa pamenepa, akudziwa bwino kuti iye mwini akulephera kubwerera, ameneyo adzifunse kawiri. Osuta ambiri achilungamo mukawafunsa ngati angakonde kuti mwana wawo ayambe, amapukusa mutu utsi uli m'kamwa. Kupukusa mutu kumeneko ndi umboni woposa malipoti onse a madokotala.

Chotsala n'kufunsa chimene mnyamatayo akufunadi, pakuti sindikhulupirira kuti ndi chikonga. Akufuna kukhala munthu wolemera pamaso pa anzake, wosayankha mwaphuma, wokhala ndi kanthawi kakekake dzuwa likamalowa. Zimenezi n'zabwino, ndipo mnyamata wozilakalaka ngwabwino kuposa amene akulakalaka phokoso la m'bala. Kungoti walakwitsa pogula. Agogo aja ankaoneka anzeru ndi kaliwo wawo chifukwa adali ataika maliro ambiri, ataweruza milandu ya malire a minda, ena atapulumuka njala ya 1949. Kukhala chete kwawo kudali ndi katundu m'kati. Mukadawalanda kaliwoyo akadakhalabe anthu omwewo. Einstein adali Einstein asanayatse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnyamata wa zaka 25 akhoza kugula kaliwo wa briar wa ku France, koma chimene adzapeze m'katimo ndi phulusa ndi chibaba.

Ngati manja akufuna chochita, m'mbali mwa msewu wa Liwonde kupita ku Zomba muli amisiri osema mipando ndi ziboliboli amene angamuphunzitse kugwira sompho ndi tchizulo, ndipo kumeneko kudekha amaphunzira ndi zala. Ngati akufuna theka la ola lopanda foni, khonde lilipo, bawo lilipo, mbedza ilipo, ndipo Shire salipiritsa womuyang'ana. Zonsezi akhoza kuzisiya tsiku limene wafuna, n'kudzazipeza zikumudikira.

Nkhalamba ya kaliwo mukaipeza pansi pa mtengo wa mango, ipatseni moni mwaulemu, khalani kumene mphepo ikuchokera, mumvere nkhani zake. Idayamba kale, nthawi imene panalibe woichenjeza, ndipo kuilalikira lero n'kuthira madzi pa msana wa bakha. Mawu athu tiwasungire amene sadayambe. M'mera m'poyamba, ndipo pa nkhani ya fodya ufulu wonse wa munthu uli pa kanthawi kaja machesi asanakhwatchidwe.